Funsani Azakhali: Wakumudzi akulira, wakumayadi akuliranso, kodi ku yunivesite kuli chani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa ana athu a m'mayunivesite, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, ndipo chimene ndaona nchoti nkhani yake ikungozungulira pamodzi, kumene munthu anakulira ndi mmene kukumuvutitsira mumtima akafika kusukulu yaikulu. Ndasankhapo anayi. Mayina a anthu ndi a sukulu ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Azakhali, kodi ife akumudzi mitu yathu siikwana kuno?

Ndine mnyamata wa zaka 20, kwathu ndi ku Ntchisi kumudzi kwenikweni kumene lole imafika nthawi yogula soya ndi fodya basi. Ndinaphunzira pa CDSS ndipo MSCE ndinakhoza ndi mapointi 14, pasukulu pathu dzina linatuluka langa lokha. Tsiku limenelo kunyumba kunadzadza anthu, amayi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze thiransipoti ndi chikwama, amfumu anandipatsa nkhuku ati ukatiimire kumeneko. Pano ndili chaka choyamba semesita yachiwiri koma azakhali sindikudzimva. Anzanga a m'tauni amayankhula chizungu ngati akumwa madzi, ine tsiku lina ndinaima kutsogolo kuti ndifotokoze ntchito ya gulu lathu, nditangotchula mawu amodzi molakwika kalasi yonse inaseka mpaka wina kumbuyo anakuwa kuti tradi, kutanthauza wachimidzimidzi, kuyambira pamenepo sindinakwezenso mkono olo ndikudziwa yankho. Kompyuta ndinaigwira koyamba kuno, asayimenti imene anzanga amataipa ola limodzi ine imanditengera usiku wonse pa laputopu yobwereka, mwini wake akaifuna ndie kuti basi zathera pomwepo. Ndimakhala kunja kwa kampasi chipinda chimodzi anthu atatu, ndalama ya loni ikabwera ndikalipira lendi yotsala imatha mwezi usanafike pakati, ndimadya kamodzi madzulo, masoya pisi kapena bonya. Semesita yoyamba ndinapeza sapu imodzi, ndie kuti phunziro limodzi ndinalephera ndipo ndiyenera kulembanso mayeso ake, koma kunyumba sindinauze munthu. Amayi akaimba pa foni ya aneba amayamba ndi kuti bwana wathu muli bwanji, kenako nkhani ya feteleza ndi fizi ya mlongo wanga, amaona ngati ndikulandira malipiro. Pano tulo sindikupeza, ndimadzuka cha m'ma 3 koloko mtima ukugunda kwambiri, ndikatsegula buku maso amawerenga koma m'mutu simulowa kanthu, mpira umene ndinkaukonda ndinausiya, kukalasi masiku ena sindipita ndimangofunda. Papita miyezi iwiri zili chonchi. Kodi ndingosiya ndibwerere kukalima?

*Mnyamata wa ku Ntchisi*

Mwanangu, ndiyambe ndi funso la pamwamba lija chifukwa ndi limene landilasa. Ayi, mutu wako ulibe vuto. Munthu wopeza mapointi 14 pa CDSS, kumene buku limodzi mumagawana anthu khumi, labu mumangoimva m'mabuku, kuwerenga ndi katochi ka mabatire utaweruka kumunda, ameneyo ndi dolo ndipo palibe anakusankha mokumvera chisoni. Kota ija yotengera boma lochokera inathetsedwa mu 2020, iwe unalowa ndi mapointi ako kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, ngati wina aliyense amene wakhala naye m'kalasimo.

Chimene chilipo nchoti liwiro limeneli munayambira malo osiyana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse amakhala kumudzi, nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 zokha pa 100 ndipo zambiri mwa zimenezo ndi za m'tauni. Ndie ukaona bwino Malawi weniweni ndi iweyo. Koma ukangolowa pageti la yunivesite zinthu zimatembenuka, chilichonse chinakonzedwa ngati aliyense anakula ndi kompyuta pabalaza, manotsi akutumizidwa pa gulupu ya WhatsApp, asayimenti yotaipa, zotsatira pa intaneti, ndipo palibe amene amaima nkufunsa kuti kodi alipo amene sanagwirepo mausi. Mwana wakumudzi amaphunzira maphunziro awiri nthawi imodzi, kosi yake ija ndi moyo wa m'tauni, ndipo wachiwiriwu alibe lekichala komanso ukalakwa anthu amaseka. Zimatopetsa mutu zimenezo, olo munthu wanzeru bwanji.

Ine ndinapita ku koleji kalekale nthawi imene boma linkatidyetsa ku kafe katatu patsiku, ndinafika ndi sutikesi yachitsulo ndi zitenje ziwiri. Tsiku loyamba anandipatsa mpunga ndi nyama ya nkhuku, pambali foloko ndi mpeni, ndinakakhala pakona ndikuyang'ana mmene anzanga akugwirira, njala ili tho koma ndinangotola pang'ono nkusiya mbale yodzadza. Sabata ziwiri zathunthu ndinkapita ku kafe mochedwa dala kuti ndipeze anthu atatha, usiku ndikulira m'bulangete kuti mnzanga wa m'chipinda asamve. Amene anandimasula anali mtsikana wa chaka chachitatu, anabwera nkukhala pafupi nane, anasamba m'manja nkuyamba kudya nkhuku yake ndi manja, osandiyang'ana osanena kanthu, atamaliza anangoti kwanu nkuti mng'ono wanga. Mpaka lero ndikakumbukira m'maso mumalengeza misozi. Ndie zotchulana matradi (akumudzi) ndi mayo (a m'tauni otsogola) si za lero, tinazipeza ndipo ena mwa amene ankatchedwa matradi aja ndi amene akukuphunzitsani panopa.

Za chizungu usadzizunze nazo. M'chichewa L ndi R kwa ife ndi liwu limodzi, lilime linakula choncho, si umbuli. Amene amachonga pepala lako amaona zimene walemba osati mmene umatchulira, ndipo lilime limafewa lokha ukamaligwiritsa ntchito, koma silingafewe utatseka pakamwa.

Tsopano pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna uzisiyanitse. Kusowa kwanu, kuchita manyazi, kudabwa ndi moyo watsopano, zimenezo zimagwira pafupifupi aliyense wa chaka choyamba ndipo zimapita zokha. Koma zimene walemba kumapeto kwa kalata yako zija, kusowa tulo, kudzuka mbandakucha mtima ukugunda, kusiya zimene unkazikonda, kulephera kuika maganizo pa buku, kungofunda osafuna kuona anthu, zikapitirira sabata ziwiri tsiku ndi tsiku azachipatala amayamba kuganizira matenda ovutika maganizo, aja ambiri akuwatchula kuti dipuleshoni, ndipo nthawi zambiri amabwera limodzi ndi nkhawa. Iwe wati miyezi iwiri. Sindine dokotala ndipo sindingakuyeze pakalata, koma ndikukuuza kuti apa pafika poti ukaonane ndi wachipatala, ngati mmene ukanachitira thupi likanatentha miyezi iwiri. Ndi matenda ndipo amachizika, ena amachira ndi kucheza ndi mlangizi kokha, ena amawonjezera mankhwala amene amatenga sabata zingapo kuti ayambe kumveka mthupi. Anzathu a ku Zimbabwe amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso, ndipo kumeneko Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa chipatala kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzi limodzi, ndipo anthu amapepukidwa ndithu. Ndikunena izi kuti uone kuti kuyankhula si zachizungu ayi, ndi zomwe zija agogo ako amachita pakhonde.

Ndie mawa lomweli upite kukiliniki ya pasukulu panu, ukanene zonse mmene wandilembera ine, osangoti mutu ukuwawa chifukwa akupatsa panado nkubwerera. Upitenso ku ofesi ya Dean of Students, ntchito yawo ndi imeneyi, ukafunse ngati pali mlangizi komanso ngati pali thandizo la ophunzira ovutika, safunsa anadya phula mwanangu. Sapu si kuwididwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera), ndi mwayi wachiwiri wolemba mayeso ndipo anthu ambiri amene ukuwaona atavala gauni anadutsamo. Chimene chimawidisa anthu ndi kujomba m'kalasi mwakachetechete mpaka zinthu zitaonongeka, nde chimenecho ndi chimene ndikuopa pa iwe.

Upezenso anthu. Kaya ndi magulu a ophunzira achikhristu monga SCOM, YCS kapena CCAPSO, kaya bungwe la ophunzira achisilamu, kaya kagulu ka ana ochokera boma lanu, pena pake pamene ungayankhule chichewa chako momasuka nkuseka. Ndipo usaone ngati ulibe chopereka, mwana wa m'tauni amene ali ndi laputopu uja mwina masamu akumuzunguza mutu pamene iwe umawamwa, mukhoza kusinthana, iwe masamu iye kutaipa.

Nkhani ya kunyumba ndi imene ili yolemera kwambiri ndipo ndi imene ana a m'tauni ambiri saidziwa. Iwe sunapite kusukulu wekha, unanyamula mudzi wonse pamutu, mbuzi ziwiri zija ndi nkhuku ya amfumu umagona nazo pabedi. Amayi ako sakukuzunza dala, iwo sakudziwa kuti ndalama ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board ndi ngongole imene udzabweze ukadzayamba ntchito, ndiponso kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 lendi, ufa ndi bandulo zonse zinakwera. Akuyenera kumva zoona. Ngati pakamwa pako pakulemera, uyambe wauza amalume ako kapena mphunzitsi wako wakale wa ku CDSS amene amayi amamukhulupirira, akawafotokozere kuti mwanayu sali pantchito, akudya kamodzi patsiku, musamutumize za feteleza panopa. Ndikukutsimikizira mayi amene anagulitsa mbuzi zake sangafune kuti mwana wake azifa ndi njala ndi maganizo chifukwa choopa kumukhumudwitsa. Ndipo chonde, pofuna kuchulukitsa kandalama kako usayerekeze kandege ndi kubetcha mpira, ndalandira makalata ambiri a anyamata amene fizi yonse inauluka usiku umodzi. Kulima si koipa, koma usasankhe kusiya sukulu pamene mutu uli wodwala, uyambe wachira kaye ndie udzaganize bwino.

Azakhali, kodi ine ndili ndi ufulu wodandaula?

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndinakulira ku Area 47 ku Lilongwe, makolo onse ali pantchito ndipo ndinaphunzira sukulu zapulaiveti. Ndinasankhidwa ku yunivesite imene ili kutali ndi tauni. Kunyumba ndili ndi chipinda changa koma kuno tilimo anayi, madzi akasiya timakatunga ndi ndowa ndipo tsiku loyamba anzanga anandijambula ndikulephera kusenza nkuika pa sitetasi. Amanditcha wakumayadi. Akafuna ndalama kapena shuga ndimakhala mnzawo, ndikakana ndine wonyada, akamacheza nkhani zawo ndikalowa amasiya. Kosi imene ndikuchita anasankha ndi adadi, ine sindiifuna, ndikaimba foni funso lawo ndi limodzi, magiredi ali bwanji, tikukulipirira zonse ndie tisamve zolephera. Ndayamba kumwa Lachisanu lililonse, pano ndi Lachitatu lomwe, kuti ndigone. Ndimalira kubafa. Tsiku lina ndinamuuza mnzanga wa m'chipinda kuti sindili bwino, anandiyankha kuti iwe ukulira chani kwanu kuli filiji, ukanakhala ife ukanatani. Ndinachita manyazi ndipo mwina akunena zoona. Kodi ndikungodzimvera chisoni?

*Mtsikana wa ku Lilongwe*

Mwanangu, ufulu uli nawo wonse. Matenda a maganizo sayang'ana kuti kwanu kuli filiji kapena mtsuko. Mnzako uja anayankha ndi ululu wake, mwina iyenso ali ndi katundu ngati wa mnyamata wa ku Ntchisi pamwambapa, koma analakwitsa.

Anthu amaganiza kuti mwana wa m'tauni anafika kale, koma ine mmene ndaonera zaka zonsezi wakumudzi ndi wam'tauni aliyense amabwera ndi mphamvu yake ndi bala lake. Mwana wakumudzi alibe ndalama koma anakulira pakati pa anthu, anagonapo asanu pamphasa imodzi, anapitapo kumaliro kambirimbiri, amadziwa kugona ndi njala nkudzuka mawa, akafika pa anthu achilendo amadziwa kupereka moni nkupeza mbale. Mwana wa kumpanda wa njerwa ndi waya pamwamba, ambiri anakula ndi TV ndi antchito, makolo kuchoka m'mawa kubwera usiku, aneba osawadziwa dzina, agogo kuwaona pa Khirisimasi. Zinthu ali nazo koma womuuza zakukhosi alibe, ndipo akati ayankhule aliyense amamuuza kuti uthokoze Mulungu. Bala lako ndi limenelo, loti palibe amene akukhulupirira kuti ungapweteke. Ndionjezerenso kuti tikamati m'tauni tisamangoona mayadi okha, mwana wa ku Mtandire, Chinsapo, Ndirande, Mbayani kapena Mchengautuwa nayenso ndi wam'tauni, alibe munda woti kwawo amutumizire ufa, aliyense amaona ngati ndi wotsogola pamene mthumba muli mbee, amenewo ndie amavutika mbali zonse ziwiri ndipo makalata awo ndimalandiranso.

Chimene chandiopsa m'kalata yako ndi mowa. Unayamba Lachisanu, pano wafika Lachitatu, ndipo sukumwa kuti usangalale koma kuti ugone. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take ndi tosapumitsa, umadzuka pakati pa usiku, m'mawa mtima uli pansi kuposa dzulo, ndie umafunanso wina. Komanso mtsikana woledzera pamalo poti alibe mnzake weniweni womuyang'anira ali pangozi zina zimene sindikufuna zikuonekere. Usadikire kuti zifike poipa, kaonane ndi mlangizi wa pasukulu sabata ino, ndipo ukapita ku holide ku Lilongwe kuli a St John of God amene amathandiza za maganizo ndi za mowa zomwe, aliponso ku Mzuzu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti wapenga.

Za adadi ako, usalimbane nawo pafoni. Dikira upite kunyumba, uyambe ndi amayi kapena azakhali ako enieni, uwauze kuti ukumwa kuti ugone ndipo umalira kubafa, mawu amenewo osawachepetsa. Makolo ambiri a m'tauni anachoka kumudzi movutika ndipo mantha awo ndi oti mwana angabwerere kumene iwo anathawa, nchifukwa chake pakamwa pawo pamangotuluka magiredi. Akamva kuti mwana akudwala ambiri amasintha. Za kusintha kosi ukafunse ku ofesi ya registrar kuti malamulo a sukulu yanu amati chani usanapange chiganizo.

Kwa anzako a m'chipinda, ndalama uike malire, unene poyera kuti ndimalandira yokwana ine ndekha, amene akhale mnzako pambuyo pa mawu amenewo ndie mnzako. Koma ndikufunsenso mwachikondi, kodi iwe unayamba wawafunsapo za kwawo? Pena timayankha chizungu munthu atatifunsa m'chichewa, pena timakwinya nkhope poona ndiwo za mnzathu osadziwa kuti waona. Umupemphe mmodzi akuphunzitse kupanga nkhata ndi kusenza ndowa, osati mwamasewera koma mofunadi kudziwa. Zojambulana zija zinali zolakwika ndipo ukhoza kuwauza kuti zinakupweteka.

Mayi, mwana wanga wabwera kusukulu atasintha

Ine ndine bambo wa ku Phalombe, kalatayi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Mwana wanga wamwamuna ali chaka chachitatu ku yunivesite, woyamba m'banja mwathu. Nyumba yathu inagwa ndi namondwe wa Freddy ndipo kuyambira nthawi imeneyo iye ankadandaula kwambiri za ife. Ulendo uno anzake amubweretsa sukulu isanatseke. Sakusamba, amadzitsekera m'nyumba, usiku amayankhula yekha ndipo akuti pali anthu akumulondola ndi kumunena pa wailesi. Abale akuti walodzedwa chifukwa cha nsanje ya sukulu ndipo akuloza mayi ena okalamba a m'mudzi momwe muno, ena akuti ndi chamba cha m'tauni, ena akuti wawerenga mopitirira. Tapita kwa asing'anga kawiri, mbuzi yapita, palibe kusintha. Tichite chiyani?

*Bambo wa ku Phalombe*

Bambo, pepani kwambiri, ndipo zikomo kuti mwafunsa. Ndikupempheni mumutengere mwanayo kuchipatala chachikulu cha boma lanu sabata ino, musadikire kuti mupeze mbuzi ina. M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a maganizo, mukafika munene kuti mukufuna amenewo. Iwo ayamba amuyeza mthupi chifukwa malungo aakulu ndi matenda ena amathanso kusokoneza mutu, ndipo ngati pafunika thandizo loposa apo amutumiza ku Zomba Mental Hospital, si kutali ndi kwanuko. Zimene mwafotokozazi, kumva mawu, kuona ngati anthu akumulondola, kusiya kudzisamalira, ndi zizindikiro zimene achipatala amazidziwa bwino, ndipo matenda a mtundu umenewu amakonda kuyamba pa msinkhu womwewu, kumapeto kwa unyamata mpaka zaka za m'ma 20, kwa ophunzira ndi osaphunzira omwe, kumudzi ndi m'tauni momwe. Kuwerenga sikupengetsa munthu. Chamba chikhoza kuwadzutsa kapena kuwakulitsa, nkhawa yaikulu ndi kusagona nazonso zimathandizira, koma zimenezo akafufuze ndi achipatala, inu musamuweruze. Chimene chimadziwika nchoti amene wayamba mankhwala msanga amachira bwino kuposa amene wachedwa miyezi akuzungulira.

Pomutenga musamumange zingwe kapena kumumenya, iye ali ndi mantha kale. Apite naye munthu amene amamukhulupirira, muziyankhula naye mofatsa, musatsutsane naye za anthu omulondola aja komanso musamuvomereze, mungoti taona kuti sukugona ndipo ukuvutika, tiye akakuone adokotala. Mapemphero pitirizani, palibe choletsa, koma wina asadzamuuze kuti ataye mankhwala poti wapemphereredwa, ndipo akayamba kupeza bwino asasiye yekha chifukwa ndi pamene matenda amabwereranso.

Za mayi okalamba akulozedwawo, bambo, inu ndinu mwini nkhani, muwaletse abale anu lero lomwe. Tamva kokwanira za agogo omenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba m'dziko muno chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limene likugwirabe ntchito limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mungapezeke muli ndi mwana wodwala kuchipatala ndi abale ena kupolisi.

Chinanso musaiwale sukulu. Mupemphe kalata yakuchipatala, wina apite nayo kapena aitumize ku ofesi ya registrar ndi ya Dean of Students kuti adziwe kuti mwanayo wachoka chifukwa cha matenda, mayunivesite amakhala ndi njira yosungira malo wophunzira wodwala. Akangosowa osanena amalembedwa ngati wathawa. Anzake amene anamubweretsa aja ndi ana abwino, muwasunge, akhoza kukuthandizani kuyendetsa mapepala amenewa. Ndipo akadzachira musadzamukumbutse za nyumba inagwa ija kapena kuti ndiwe wekha tikudalira, mwana ameneyu wasenza zambiri kale.

Azakhali, mnzanga akunena zoopsa

Mnzanga wa m'chipinda, wochokera kumudzi ngati ine, zotsatira zatuluka ndipo wawididwa. Akuti sangabwerere kwawo chifukwa bambo ake anagulitsa dimba kuti iye aphunzire. Dzulo wandipatsa nsapato zake ndi kakyuleta ati sindizifunanso, ndipo kawiri konse wanena kuti bola kungofa. Ndikuopa kumufunsa mwina ndingamupatse maganizo oipa, komanso anandiuza kuti ndisauze munthu. Ndife amuna, sitinazolowere zokambirana zotere.

*Wodandaula*

Mwanangu, kalata yako ndinakuyankha kale pa foni tsiku lomwe inafika, koma ndaiika pano chifukwa alipo ena ali ndi mnzawo wotere usiku uno. Munthu akanena za kufa nkuyamba kugawa katundu wake, imeneyo ndi ngozi ya lero osati ya mawa. Kumufunsa mwachindunji kuti kodi ukuganiza zodzipha sikumupatsa maganizo amenewo, akatswiri a zamaganizo anazifufuza ndipo amatilimbikitsa kufunsa, ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Umufunse, ukhale pansi umvetsere, usamulalikire, usamuuze kuti mwamuna salira, mawu amenewo atitayitsa anyamata ambiri ndipo malipoti apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ochuluka mwa odzipha m'Malawi ndi amuna.

Chinsinsi ichi usasunge, bola akukwiyire ali moyo. Usamusiye yekha olo pang'ono, muzisinthana ndi anzanu ena awiri atatu, muchotse m'chipindamo mankhwala ndi chilichonse chimene angadzipweteke nacho. Uuze woyang'anira hositelo, Dean of Students kapena abusa a pasukulu, ndipo mupite naye kukiliniki kapena kuchipatala chilichonse chapafupi olo ndi pakati pa usiku. A YONECO alinso ndi nambala zaulere za Tithandizane, yodziwika kwambiri ndi 116, akhoza kukulozerani koyenera.

Chimene chikumupha mnzakoyo ndi ulendo wobwerera kumudzi ndi nkhope ya bambo ake, ndie asapite yekha ndipo asakanene yekha. Papezeke munthu wamkulu, amalume ake kapena abusa kapena shehe wakwawo, ayambe wayankhula ndi bambowo mwanayo asanafike. Mukakhala pansi mufunsenso ku sukulu ngati pali mwayi wochita apilo ndi tsiku lomaliza lake, ndipo ngati palibe, MSCE yake ija sinafufutike, akhoza kudzafunsira malo kwina kapena ku makoleji a ntchito zamanja a TEVETA. Koma zimenezo ndi za sabata yamawa. Usiku uno ugone m'chipinda momwemo, nsapato zija umubwezere, umuuze kuti azivala mawa popita nawe kuchipatala.